Sokosi ya pabondo yoyeza kupinda kwa mwendo: lipoti la wodwala wothyoka patella wa kumbali ya Chadiza

Wodwala

Wodwala ndi bambo wa zaka za m'ma 30, wa mudzi wina wa kumbali ya msewu wa Chadiza, amene ntchito yawo ndi kunyamula anthu ndi katundu pa njinga kulowa ndi kutuluka m'tauni ya Chipata. Chakumapeto kwa July anagwa pamtsetse atasenzetsa njinga matumba awiri a chimanga, bondo lakumanja n'kufikira pamwala. Patella, kafupa kobulungira ka kutsogolo kwa bondo, kanathyoka pakati mopingasa. Ku opaleshoni anagwirizanitsa zidutswa ziwirizo ndi mawaya awiri owongoka ndi waya wachitatu wokulungidwa ngati nambala 8, ndipo mwendo unakhala chiwongokere m'chikhakha masabata 6.

Ku mafizo anafika pa sabata ya 8, dokotala wa mafupa ataona X-ray n'kulola kuti bondo liyambe kupindidwa, bola lisakakamizidwe mwankhanza. Tinayeza ndi goniometer, rula ya mikono iwiri yoyezera madigiri a kupinda, atagona chagada: pakati pake pa fupa lotuluka kunja kwa bondo, mkono umodzi kuloza fupa la pambali pa chiuno, wina kuloza kakolo wakunja. Kupinda okha ankafika madigiri 55, wina akawathandiza 62. Powongola okha bondo linkatsala madigiri 10 kuti lifike pa 0. Ntchafu, poyeza masentimita 10 pamwamba pa patella, inali yochepa ndi masentimita 4 kuyerekeza ndi yakumanzere.

Kuyenda wamba kumafuna madigiri pafupifupi 60, kudzuka pampando pafupifupi 90, kuzunguliza pedulo ya njinga pafupifupi 110, ndipo kunjuta pa chimbudzi chokumba kumafuna oposa 130. Kwa bambowa nambala ya chakudya cha pakhomo inali 110. Koma chifukwa cha mtunda ndi ndalama ya transipoti ankatha kubwera kamodzi pa masabata awiri. Ife tinkaona bondo lawo mphindi 30 pa masiku 14. Zotsalazo tinkangomva kwa iwo. Ndi mpata umenewu umene sokosi ya pabondo, yokhala ndi sensa yoyeza kupinda, inasokedwera. Ntchitoyi inagwiridwa ndi anthu atatu: wa mafizo, wokonza zamagetsi ndi telala. Wodwala anafotokozeredwa kuti chipangizochi ndi choyesera, si chipangizo chovomerezeka cha chipatala, ndipo anavomera molemba. Mafayilo a zimene sensa inkayeza sanalembedwe dzina lawo, nambala chabe, poti lamulo la ku Zambia la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera.

Nsalu imene inasankhidwa

Sensa ya nsalu ndi kachidutswa ka nsalu yoluka imene imadutsitsa magetsi. Ulusi wake umakolana m'timalupu. Nsalu ikakokedwa, timalupu timasintha maonekedwe, malo amene ulusi ukukhudzana amachuluka kapena kuchepa, ndipo resistance yake, kutanthauza mmene ikukanira magetsi kudutsa, imasintha. Bondo likapinda, khungu la kutsogolo limatalika kwambiri, choncho kachidutswa kogona pamenepo kamakokedwa molingana ndi kupindako. Sensa siidziwa digiri. Imangodziwa kuti yakokedwa, ndipo china chilichonse chimene chingaikoke kapena kuisiya chimaoneka ngati kupinda kwa bondo. Mavuto onse a m'lipoti lino akuchokera pamenepa.

Tinayesa zinthu zitatu patebulo, tikukoka n'kumayeza ndi rula ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Nsalu ya nayiloni yokutidwa ndi siliva inali ndi ma ohm, muyeso wa resistance, ochepa kwambiri, moti resistance ya ulusi ndi mabatani olumikizira inkapikisana ndi ya sensa yeniyeniyo. Komanso poikoka inkayamba kukwera kenako n'kutsika, kotero nambala imodzi inkatha kuimira madigiri awiri osiyana. Chingwe cha mphira wosakaniza ndi kaboni, cha mamilimita 2, chinkasintha bwino koma chinkachedwa kubwerera mwakale chikasiyidwa, ndipo pakhungu chinkadinda mzere. Tinatsalira pa EeonTex, nsalu yakuda ya nayiloni 72% ndi spandex 28% yopakidwa mankhwala odutsitsa magetsi, ya ma kilo-ohm 20 pa sikweya iliyonse. Resistance yake imatsika ikakokedwa. Kachidutswa ka masentimita 2 m'lifupi ndi 12 m'litali ndi masikweya 6, ndipo kathu kanayeza 118 kilo-ohm kasanakokedwe. Nsalu imeneyi simungaipeze pa msika wa Kapata, inachita kuitanitsidwa kunja kudzera ku Lusaka. Zotsalazo zambiri zinapezeka m'tauni momwemuno.

Wina angafunse chifukwa chake sitinangomanga ma MPU-6050 awiri, tizipangizo toyeza kupendekeka ndi kuzungulira, imodzi pantchafu ina pamsongolo. Kunena zoona, pa mafizo a pang'onopang'ono ngati awa, njira imeneyo mwina ikanapereka madigiri olondola kuposa nsalu. Tinaisiya chifukwa imafuna timabokosi tiwiri tolimba tolumikizidwa ndi waya wodutsa pabondo, ndipo tonse tiyenera kuima molunjika tsiku ndi tsiku popanda wina woyang'anira. Sokosi munthu amangoivala.

Kasokedwe

Thupi la sokosi linadulidwa kuchokera ku thalauza yothina ya masewera ya pa salaula, ya poliyesita ndi lycra, yosatha mphamvu. Yoyamba inali masentimita 30 m'litali, 15 pamwamba pa patella ndi 15 pansi. Muyeso wozungulira unachepetsedwa ndi 10% kuti igwire. Pa patella panaboledwa bowo la masentimita 5 lopindidwa m'mphepete, kuti wodwala adziwe pamene sokosi iyenera kukhala.

Sensa iyenera kusokedwa itakokedwa kale pang'ono. Ikasokedwa yomasuka, madigiri 15 kapena 20 oyambirira amathera pongochotsa makwinya ndipo nambala siisuntha. Yathu inakokedwa 10%: masentimita 12 anagona pa malo a 13.2, mwendo uli chiwongokere. Pamenepo inkayeza pafupifupi 105 kilo-ohm. Inasokedwa kumapeto kuwiri kokha. Pakati inangodutsa m'kanjira ka nsalu yopyapyala kuti isapatuke, chifukwa msoko wotsata utali wake umaimanga, n'kuiletsa kukokeka mofanana.

Polumikiza tinagwiritsa ntchito ulusi wa chitsulo chosachita dzimbiri wa zingwe ziwiri, wa ma ohm pafupifupi 50 pa mita. Pambali pa sensa ya ma ohm 100,000, ma ohm amenewa ndi opanda kanthu, ndipo uwu ndiwo ubwino waukulu wa sensa ya resistance yokwera. Ulusi umenewu ndi waukali: ukadutsa pasingano umanyotsoka n'kukola makina. Umayenera kukhala m'bobini, pamwamba pakhale ulusi wamba wa poliyesita, ndipo sikuluwu ya bobini imasulidwe pang'ono. Singano ikhale ya nsonga yobulungira, nambala 80/12, kuti isadule ulusi wa nsalu yoluka. Msoko ukhale wa zigizagi, mamilimita 4 m'lifupi ndi 2.5 m'litali. Apa pali vuto la kwathu kuno: makina ambiri opondera a pamsika amasoka mowongoka basi, ndipo msoko wowongoka pa nsalu yotanuka umaduka tsiku loyamba. Amene alibe makina a zigizagi asoke pamanja mokhotakhota ngati njira ya njoka, nsalu ataikoka pa fulemu.

Kumapeto kwa sensa, ulusi unabwerezedwa mizere inayi mopingasa kuti ukhudze m'lifupi monse. Mfundo ya ulusi wachitsulo imamasuka yokha, ndiye iliyonse inadonthezedwa kyutekisi woyera, pa mfundo pokha, osafika pa sensa. Mizere iwiri ya ulusi inakwera pambali pa ntchafu motalikirana masentimita 2 mpaka pa mabatani awiri a presi achitsulo. Ulusi wachitsulo sugwira mtovu wowotcherera, choncho mbali ya nsalu batani limasokedwa, mbali ya kabokosi ka zamagetsi ndiyo imawotchereredwa waya. Kuseri kwa mabatani kunaikidwa chigamba kuti chitsulo chisakhudze khungu, poti anthu ena nickel imawatulutsa tizilonda.

Zamagetsi

M'kabokosi ka pulasitiki munali ESP32 (kakompyuta kakang'ono), ADS1115 (yosandutsa mavoti kukhala nambala), wotchi ya DS3231, malo a memori khadi, kamota konjenjemera, nyali yaing'ono yofiira ndi yobiriwira, batani limodzi, batire la lithium la 3.7 V ndi 500 mAh, ndi TP4056 yochajira. Foni ya wodwala ndi yamabatani, ndipo netiweki kumudzi kwawo ndi yochita kukwerera chulu, ndiye za Bluetooth ndi intaneti tinazizimitsa. Zonse zinkalembedwa pa khadi, n'kuwerengedwa pa kompyuta akabwera.

Dera lake ndi losavuta: 3.3 V imalowa mu sensa, kuchoka mu sensa n'kudutsa pa resistor ya 82 kilo-ohm kupita ku ground, ndipo timayeza pakati pa ziwirizo. Sensa ikakhala 105 kilo-ohm, pakatipo pamakhala 1.45 V, ikatsika kufika 78, pamakhala 1.69 V. Ndiye madigiri 90 onse ali m'kati mwa 0.24 V. ADC ya mkati mwa ESP32, gawo losandutsa mavoti kukhala nambala, ndi ya 12-bit, imene pa mpata umenewu imapereka masitepe pafupifupi 300, atatu pa digiri, pamene nambala zake zinkadumphadumpha zokha ndi masitepe 15 mpaka 20. Amenewo ndi madigiri 5 kapena 6 a phokoso chabe. ADS1115, ya 16-bit, itaikidwa pa 2.048 V imaona ma microvolt 62.5 pa sitepe, ndipo mpata womwewo umakhala masitepe pafupifupi 3,900. Tinaonjeza capacitor ya 100 nF polowera, n'kumawerenga ka 25 pa sekondi. Amene akakamirabe pa ADC ya mkati agwiritse ntchito mapini a ADC1, GPIO 32 mpaka 39, chifukwa ADC2 siigwira WiFi ikayaka.

Batire linkatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi pa mafizo a mphindi 20 katatu patsiku, ndipo linkachajidwa pa sola yochajira mafoni. Lamulo linali limodzi: kabokosi kasachajidwe kali pamwendo.

Kulinganiza ndi goniometer

Kuchipatala tinkaika bondo pa madigiri 0, 15, 30, 45 mpaka pamene likufika, katatu katatu, n'kulemba mavoti a sensa pa lililonse. Zimenezi zinkapanga tebulo la m'kabokosi, ndipo linkatalikitsidwa bondo likamapita patsogolo. Mzere wake unali wowongoka ndithu mpaka cha m'ma 80, kenako n'kuyamba kugona: pamwamba pa 100, madigiri 10 ankasuntha nambala theka la mmene ankaisunthira pansi.

Tebulo lokha silikwanira, chifukwa sokosi siivalidwa chimodzimodzi kawiri, ndipo bondo lovulala limatupa mosiyana. La bambowa linkakula ndi sentimita imodzi ndi theka pofika madzulo. Kutupa kumakoka sensa mwendo usanapinde n'komwe. Choncho chiyambi cha mafizo alionse chinali ndi masitepe awiri. Choyamba, agone pamphasa mwendo utawongoka pansi, adine batani, adikire masekondi 5. Chachiwiri, alowetse kunsi kwa bondo thabwa la makona atatu limene kalipentala anapanga, la nsonga ya madigiri 135, ntchafu itsamire mbali imodzi, katumba mbali inayo. Thabwali limaika bondo pa madigiri 45. Poyesa ndi goniometer tinkapeza pakati pa 43 ndi 47. Adinenso batani. Kabokosi kamatenga nambala ziwirizi n'kusuntha ndi kutambasula tebulo kuti ligwirizane ndi tsikulo. Mwa zonse zimene tinaonjeza, thabwali ndilo linachepetsa zolakwika kwambiri, ndipo mtengo wake sunafike wa ADS1115.

Zimene zinavuta

Choyamba chinali khungu. Sensa inali itagona pakati penipeni pa bondo, pamene khungu limatalika kwambiri, ndipo inkatsika kuchoka pa 105 kufika 70 kilo-ohm poiyesa pa mwendo wabwino mpaka madigiri 90. Koma pamenepo ndi pamene pali chipsera, ndipo nsonga za mawaya zimamveka pansi pa khungu chakumtunda kwa patella. Patangotha mphindi 20 zoyesa, panafiira. Sensa inasunthidwa masentimita 3 chakunja. Kusintha kwake kunachepa, 105 kufika 78 m'malo mwa 70, koma khungu linapuma. Pa bondo lomangidwa ndi waya, pakati musagonekepo kanthu kothina, ngakhale nambala zikome bwanji.

Chachiwiri chinali kutsetsereka, ndipo ichi ndicho chinatidyera nthawi. Ntchafu yofota imakhala ngati fanulo, ndiye sokosi iliyonse imafuna kutsika. Mbali ya pamwamba ikatsika, sensa imamasuka, n'kumawerenga zochepa. Tinayesa dala: kutsika kwa masentimita 2 kunkachotsa madigiri pafupifupi 15. M'mafayilo zimaoneka ngati nsonga za kupinda zikufupika pang'onopang'ono m'kati mwa mafizo amodzi, zimene munthu angaziyese kutopa kwa wodwala. Chimene chimaulula ndi chakuti mwendo ukawongoka, nambala imapitirira pansi pa 0. Kuthinitsa lasitiki si yankho: bondo lotupa silifunika kumangidwa ngati thumba la makala, ndipo zala ziwiri ziyenera kulowa pansi pa lasitiki. Telala anachita zinthu zitatu. Anatalikitsa mbali ya pamwamba kufika masentimita 22. Anasokerera mkati lasitiki wokhala ndi timizere ta silikoni, womasula ku kabudula wa anthu opalasa njinga za mpikisano wa pa salaula. Kenako anaika kalamba kochokera pambali pa sokosi kukakola pa lamba wa m'chiuno. Kutsika kunatsala pansi pa theka la sentimita pa mphindi 20.

Chachitatu ndi khalidwe la nsaluyo, limene silikonzeka, munthu amangolizungulira. Pa digiri yomweyo, nambala yopita ndi yobwerera zimasiyana. Pa 40, popinda ndi powongola zinkasiyana ndi madigiri 8 mpaka 10, chifukwa ulusi umachedwa kubwerera mwakale. Popeza chofunika kwa ife chinali nsonga ya kupinda, tebulo linapangidwa ndi nambala zopita zokha, zobwerera sitinaziwerengere. Komanso bondo likaima malo amodzi, resistance imapitiriza kutsika pang'onopang'ono: pa 60, m'masekondi 30, kabokosi kankakwera kokha ndi madigiri 5 kapena 6. Munthu woima pansi pa cholinga, madigiri amene ayenera kufika kuti kamota kanjenjemere, akanatha kungodikira mpaka kanjenjemere. Pulogalamu inasinthidwa kuti cholinga chiwerengedwe pokhapokha chafikidwa mwendo ukuyenda kapena m'masekondi awiri utaima.

Chachinayi chinabwera ndi dzuwa la October. Fayilo ya masana ena inaonetsa madigiri 85, pamene tsiku lomwelo m'mawa inali 58, ndipo titawayeza patapita masiku atatu sanapitirire 62. Linali thukuta. Thukuta lili ndi mchere, limadutsitsa magetsi, ndipo likanyowetsa sensa limatsegula njira yachidule pambali pake. Resistance imatsika, ndipo pa nsalu imene kutsika kumatanthauza kupinda, kabokosi kamanama mokomera wodwala. Ma kilo-ohm 8 okha ndi madigiri oposa 25. Uku ndi kuipa kwa resistance yokwera imene tinaiyamikira pa nkhani ya ulusi ija. Sensa inachotsedwa mkati n'kuikidwa kunja kwa sokosi, pansi pake panagona kansalu kopyapyala kotanuka kosalowa madzi, kosokedwa kumapeto kokha, ndipo mafizo a masana anasunthidwa kuti azichitika pamthunzi dzuwa litapendeka. Pomaliza mafizo, kabokosi kamafunanso kuti mwendo uwongoke. Nambala ya 0 yomaliza ikasiyana ndi yoyamba kuposa madigiri 8, nyali yofiira imayaka ndipo fayilo imalembedwa kuti ndi yokayikitsa. Chenjezo limodzili limagwira thukuta ndi kutsetsereka komwe.

Chomaliza chinali kuchapa. Sokosi inanunkha, monga ziyenera, ndipo kunyumba inachapidwa ndi sopo waufa, kupikitidwa, kufinyidwa n'kuyanikidwa padzuwa. Sensa inachoka pa 118 kufika 165 kilo-ohm, ndipo kusintha kwake pokokedwa kunachepa pafupifupi ndi theka: mankhwala opakidwa aja anakhuluka pamene ulusi umakhudzana. Cholakwa chinali cha kapangidwe, chifukwa chovala chokhudza khungu m'nyengo yotentha sichingakhale osachapidwa. Sokosi yachiwiri inasokedwa mwa mtundu wina. Sensa ndi mizere yake ya ulusi zili pa kansalu kake kapadera komata pa sokosi ndi mabatani a presi apulasitiki, atatu pamwamba, atatu pansi. Sokosi zinasokedwa ziwiri zosinthanitsa, zochapidwa mmene munthu angafunire. Kansalu ka sensa kamangotsukuluzidwa m'madzi ozizira kamodzi pasabata, osafinya, osaika mankhwala a klorini, n'kuyanikidwa pamthunzi chogoneka, ndipo sikavalidwa kasanaumitsitse.

Zonsezi zitakonzedwa, poyerekeza ndi goniometer kuchipatala, kusiyana kunali madigiri 6 kapena kucheperapo pansi pa 90, ndipo kunafika 9 pamwamba pa 100. Goniometer nayo m'manja mwa anthu awiri imatha kusiyana ndi madigiri 5. Ngakhale zili choncho, m'fayilo ya wodwala tinkalemba nambala ya goniometer yokha.

Zimene sensa inaonetsa pa mafizo

Pa sabata ya 8 wodwala anapatsidwa mafizo odziwika: kukoka chidendene chakumatako atagona, kupinda atakhala pampando mwendo wabwino ukukankha wovulala, kulimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, ndi kukweza mwendo uli chiwongokere. Pa sabata ya 10 anabwera ndi madigiri 60. Masabata awiri, madigiri 5. Anati mafizo akuchita tsiku lililonse, ngakhale kupitirira zimene tinawauza. Pamalo ngati apa ambiri a ife timangogwedeza mutu, mumtima tikuti bambo akunama.

Sankanama. Ngakhale mafayilo a masabata amenewo anali ndi vuto la kutsetsereka, kuwerenga kangati mwendo wapinda sikudalira digiri yolondola. Ankapinda ka 180 mpaka 240 patsiku, pamene tinawauza ka 90. Koma tikatenga mphindi zoyambirira za mafizo alionse, sokosi isanatsike, nsonga zambiri zinali pakati pa 40 ndi 45, ndipo nthawi yokhala pamwamba pa 50 sinkafika sekondi imodzi. Ankapalasa mwendo mofulumira ngati ali pa njinga, m'dera limene bondo linali lomasuka kale, n'kubwerera pamene kukoka kwayamba kumveka. Titawaonetsa mizere pa kompyuta, anafotokoza kuti ululu ukayamba ankaopa kuti waya uduka, fupa n'kupatukananso. Mantha amenewo sanawatchulepo pa ulendo woyamba, ndipo palibe anawafunsa.

Bondo louma chifukwa chokhalitsa m'chikhakha limamasuka ndi kukokedwa kofatsa kokhalitsa kumapeto kwa pamene likufika. Kubwereza kochuluka pakati sikutalikitsa kanthu, kumangotupitsa. Dokotala wa mafupa anawaonetsa X-ray n'kuwauza kuti fupa likugwirana. Tinawasiyanitsira kukoka kwa kutsogolo kwa ntchafu, kumene ndi koyembekezeka, ndi ululu wobaya pa patella, kutupa kwadzidzidzi, kutentha kwa bondo kapena kulephera kukweza mwendo, zimene zikafika ayenera kuleka n'kubwera msanga. Chiwerengero chinatsitsidwa kufika ka 10, katatu patsiku. Kabokosi kanapatsidwa cholinga: madigiri 5 pansi pa zimene goniometer yapeza tsikulo, chifukwa cha kulakwa kwa sensa. Akafika pa cholinga, kamota kamanjenjemera kamodzi. Akakhala pamenepo masekondi 30, kamanjenjemera kawiri ndipo nyali yobiriwira imayaka. Cholinga sichinkakwera chokha. Chinkasinthidwa kuchipatala kokha, wa mafizo atagwira bondo ndi manja, chifukwa sensa siimva kutentha kwa bondo kapena mmene likuimira kumapeto.

Pa sabata ya 12 goniometer inapeza 78, pa 14 inapeza 92, pa 16 inapeza 103. Kutsala powongola kunatsika kuchoka pa 10 kufika 3 pa sabata ya 16. Pamenepa sokosi sinathandizepo, poti pafupi ndi 0 siitha kusiyanitsa madigiri ochepa chonchi. Sitinganene kuti kupita patsogolo konseku ndi kwa sensa. Fupa linali likupola, kutupa kukuchepa, mantha anachotsedwa ndi X-ray, ndipo uyu ndi wodwala mmodzi. Chimene tingatsimikize ndi chakuti cholakwika cha masabata awiri oyambirira chinaoneka m'mafayilo, ndipo nthawi yokhala kumapeto kwa kupinda inachoka pa masekondi osafika 60 patsiku kufika mphindi 12 mpaka 15.

M'sabata ya 15 mafayilo a masiku anayi analibe kanthu. Anali ku maliro, ndipo sokosi anaisiya dala chifukwa sanafune mafunso a anthu. Mafizo ankachitabe, ndipo goniometer inavomereza. Khadi lopanda kanthu limangosonyeza kuti sokosi sinavalidwe.

Pa sabata ya 16 anayamba njinga yoima ya kuchipatala, chishalo chitakwezedwa, poyamba kupita ndi kubwerera theka, kenako kuzunguliza konse. Pamwamba pa 105 sensa inali itagona kwambiri moti cholinga sichinkadalirikanso, ndiye pa sabata ya 18 kabokosi kanabwezedwa. Pa sabata ya 20, mvula itayamba, kupinda okha kunali 118, wina akathandiza 124, ntchafu inali itatsala ndi masentimita 2 kuti ifanane ndi inzake. Analoledwa kupalasa njinga yawo pamalo athyathyathya opanda wokwera kapena katundu. Kunjuta sanafikebe. Nsonga imodzi ya waya ikuwasautsa akagwada, ndipo abwerera kwa dokotala wa mafupa kuti akaone nthawi yochotsa mawaya. Kansalu ka sensa kachiwiri, katagwira ntchito masabata 7 n'kutsukuluzidwa ka 7, kanayeza 131 kilo-ohm kuchoka pa 120, ndipo msoko wa ulusi wachitsulo unali utayamba kunyotsoka pafupi ndi batani la pamwamba, pamene kabokosi kamakokera pochotsedwa. Pa sokosi yotsatira malo amenewo aikidwa chigamba cha nsalu yosatanuka.